Tsiku limene Takondwa anandiona nditafa

1991

Ana anga, za ubwana wanga ndidumpha, chifukwa mulibemo china koma mbuzi ndi zipsera za m'miyendo. Ndiyambire pamene ndinayamba ntchito. Ndinafika m'chigwa cha Domasi mu 1991 ngati mlangizi wa zaumoyo, nditanyamula chikwama chimodzi, ndowa, ndi nsapato zimene ndinkaziona ngati zapamwamba mpaka tsiku limene zinakumana ndi matope a kwa Malemia. Basi inanditsitsa pa Songani, ndipo kuchoka apo ndinayenda wapansi ndikufunsa njira ya ku chipatala chaching'ono chimene ananditumizako. Mkulu wa pachipatalapo anali namwino, Mayi Chisale, munthu wamfupi koma wa mawu omveka mpaka kutsidya kwa mtsinje. Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kunsapato zanga zija, nafunsa kuti, “A Makwinja, njinga mumatha kupalasa?” Ndinayankha monyadira kuti ndimatha. “Nanga kuikankha?” Apo ndinasokonezeka. Ananditengera kuseri kwa sitolo ya mankhwala n'kundionetsa njinga ya ntchito, yopanda chubu kutsogolo, yopanda mabuleki kumbuyo. Miyezi yoyambirira ine ndi njinga imeneyo tinkayenda moyandikana ngati anthu apabanja, wina osakwera mnzake.

Ntchito yanga inali kuyeza ana kusikelo pansi pa mitengo ya mango, kuthira kolorini m'zitsime, ndi kuyendera makomo kuona ngati pali chimbudzi. Anthu akafuna mapiritsi ankanditcha adokotala. Ndikangotembenuka ankanditcha a zimbudzi. Sindinkakwiya, chifukwa mayina onse awiri anali ndi kachoonadi kake, ngakhale lachiwirilo linali ndi choonadi chambiri. Ndi m'kuyendera makomo komweko mmene ndinaonera mayi anu, Esnati, akupeta mpunga pakhonde. Pakhomo pawo ndinapayendera kambirimbiri, mwakuti mchimwene wawo, a Fanuel, amene anali telala pa Songani, anandifunsa tsiku lina ngati chimbudzi chawocho chili ndi vuto limene iwo sakuliona. Tinakwatirana chaka cha chilala, 1992, ndipo ndinamanga kanyumba kwawo kwa mayi anu monga mkamwini. Mkulu wanu Takondwa anabadwa chaka chotsatira.

1993 mpaka 1994

Zaka zimenezo katundu wa ntchito ankabwera mwa apo ndi apo. Kolorini akabwera, zoyezera kulibe. Zithunzi zophunzitsira anthu za kolera zinali zitang'ambika, china chinadyedwa ndi chiswe mpaka munthu wosamba m'manja uja anatsala wopanda manja. Ndiye ndinkangoima pamaso pa anthu n'kumalankhula. Ndinkaganiza kuti ndimalankhula bwino, mpaka tsiku lina Mayi Chisale anandiperekeza kumsonkhano wa m'mudzi. Pobwerera anati, “A Makwinja, ndikuuzeni zoona. Inu mukamalankhula, ngakhale ine amene ndakutumani ndimasinza. Anthu awa sangasiye kumwa madzi a mumtsinje chifukwa cha ulaliki wanu. Achitireni sewero.”

Inali nthawi imene dziko linali litangosintha, anthu atayamba kulankhula momasuka, ndipo magulu a zisudzo ankaphuka paliponse. Nanenso ndinasonkhanitsa anthu a komiti ya zaumoyo: amayi angapo a mumpingo, ndi a Saidi, amene ankakonza njinga pa Songani ndipo ndi amene anaukitsa njinga yanga ija. Sewero tinalipeka tokha. Linali la munthu wina dzina lake Bonongwe, wamakani, wokana kukumba chimbudzi, wonena kuti madzi othira kolorini amanunkha ngati chipatala. Bonongwe amadwala, amakana kupita kuchipatala, ndipo mapeto ake amamwalira. A Saidi ankakhala mnansi wake womulangiza, amene pomaliza amaima pambali pa maliro n'kulankhula ndi anthu. Zonse zinayenda bwino mpaka tinafika pofunsana kuti Bonongwe akhala ndani. Aliyense anayang'ana pansi. Mayi wina anati, “Iii, kugona pamphasa anthu akukulira uli moyo? Kumeneko ndi kulaula.” Onse anavomereza kuti munthu woyeserera kufa amadziitanira tsoka. Poti ine ndinali wa boma, anagwirizana kuti tsoka silingandigwire msanga.

Ndikuuzeni mosadzichepetsa, ana anga, ine ndinkafa bwino. Ndinkamanga pilo pamimba, kuvala chipewa chong'ambika, ndipo nthawi ya kufa ikafika ndinkagwira pamimba, kupinda mawondo, kuponya mwendo kamodzi, kawiri, kenako zii. Amayi aja ankandifunditsa chitenje n'kuyamba kulira maliro enieni, otchula mayina a akumanda. Anthu oonera ankaseka mpaka misozi, kenako ankakhala chete a Saidi akayamba kulankhula. Zimbudzi zinayamba kukumbidwa m'midzi imene ndinalalikirako chaka chathunthu popanda wogwira khasu. Zinandipweteka pang'ono kuti anthu ankandimvera kwambiri nditafa kusiyana ndi ndili moyo, koma ntchito inkayenda.

1995

Chakumapeto kwa chaka chimenecho, mvula isanayambe, tinaitanidwa kukachita sewero lathu mu holo ya sukulu ina cha ku Malosa. Kunali kukakumana magulu a m'chigwa chonse, ndipo kunkabweranso alendo a ku boma. Aka kanali koyamba kuti tikachite sewero pansanja yeniyeni, ya matabwa, yokhala ndi makatani. Takondwa anali asanakwanitse zaka zitatu. Anali atazindikira kale kuti ababa akatenga pilo ndi chipewa ndiye kuti akupita kumalo kosangalatsa, ndipo nthawi zonse ankanditsatira mpaka pamtengo wa gwafa, akulira kuti, “Nane kusewelo! Nane!” Mayi anu sankamutengera kumasewero a m'midzi. Koma ulendo uwu ine ndinafuna kuti apite. Ndinene mosabisa, ndinkafuna mwana wanga aone abambo ake akuomberedwa m'manja mu holo, osati kumangomva kuti ndi a zimbudzi.

Funso linali lakuti kodi mwanayo wafika msinkhu. Mayi anu anali ndi miyeso yawo. Anati mwana woyenera kulowa mu holo ndi amene wasiya kuyamwa, amene amanena yekha akafuna kukataya madzi, ndiponso amene amatha kukhala m'tchalitchi mpaka ulaliki kufika pakati osayamba kukoka maduku a amayi a kutsogolo. Ziwiri zoyambazo Takondwa anali atakhoza. Chachitatucho chinkadalira kuti akulalika ndani. “Koma zimenezo ndi zazing'ono, bambo a Takondwa,” anatero mayi anu. “Nkhani ndi yakuti inu mumafa. Mwana akakuonani mwagona apo, amayi akulira, mutu wake uwu ukamuuza chiyani?”

Poti ndinali mkamwini, nkhani ya mwana sikanatha popanda amalume ake kumva. Ndinakawapeza a Fanuel pakhonde la sitolo pa Songani akupalasa makina awo. Sanasiye kusoka pondiyankha. “Alamu, inu ndinu ophunzira, koma apa ndiye mwaphonya. Kwathu kuno mwana saona maliro. Maliro enieni akagwa, ana timawatengera kukhomo lina mpaka anthu abwere kumanda. Ndiye inu mukufuna mumuveke diresi, mumukweze minibasi, mukamukhazike pampando kuti aonere maliro a bambo ake? Shuwa?” Ndinati si maliro, ndi sewero. Iwo anati, “Zimenezo mukudziwa ndi inu ndi ine. Iyeyo akudziwa?”

Funso limenelo linandikhala pamtima masiku angapo. Ndinafunsa Mayi Chisale, amene analera ana ambiri, awo ndi a abale. Iwo anati mwana alibe tsiku lolembedwa limene amakhwima, wina amafulumira wina amachedwa, ndipo amene angadziwe ndi amene amakhala naye. “Muoneni mmene amasewerera,” anatero. “Ngati amadziwa kunamizira yekha, akhoza kudziwa kuti wina akunamizira.” Ndiye Loweruka lina ndinakhala pakhomo n'kumamuyang'ana. Takondwa anali pamasanje ake kuseri kwa nkhokwe, akuphika mpunga wa mchenga m'kachitini, ndiwo zake masamba a gwafa. Anandipakulira pachivindikiro. Ndinayeserera kudya, ndikutafuna mphepo n'kumayamikira, iye akuseka. Kenako ndinatapa mchenga uja n'kuuika mkamwa zenizeni. Anandimenya dzanja msangamsanga. “Ababa! Ndi wonamatu!” Ndinalavula mchenga ndili ndi chimwemwe chachikulu. Ndinathamangira kwa mayi anu mano akulira mchenga, ndikunena kuti mwana wathu amasiyanitsa zoona ndi zonama.

Sindinalekere pomwepo. Ndinayala mphasa pabwalo n'kumuuza kuti, “Taona, ababa agwa monamizira, kenako adzuka.” Ndinafa pamaso pake monga ndinkafera m'midzi. Iye anandikwera pamimba n'kumadumpha, akufuula kuti ndibwereze. Ndinafa kangapo masana amenewo mpaka nkhuku zinazolowera. Mayi anu ankaonerera atagwira m'chiuno. “Chabwino,” anatero, “koma pano palibe amayi olira.” Komabe anavomera, ndipo tinapangana zinthu zitatu: mwana agone tulo ta masana tisananyamuke, adye akhute, ndipo iwo akakhale naye pafupi ndi khomo kuti kamlomo kakangoyamba kunjenjemera atuluke naye. A Fanuel atamva anangoti, “Mwana ndi wathu tonse, koma maganizowa ndi anu. Akamakadzidzimuka kutulo musabwere kwa ine.” Patapita masiku awiri anatumiza kadiresi kachikasu kamene anasoka okha, ndi uthenga wakuti nawonso apita, kuti akaone ndi maso awo zolaulazo.

Tsikulo linali Loweruka, dzuwa likuswa mtengo. Tinakwera minibasi pa Songani, ine nditakumbatira pilo ndi mphasa, Takondwa ali pamiyendo ya mayi ake akuuza aliyense, ngakhale kondakitala, kuti akupita kusewelo. Holo inali itadzaza kale. Makatani anali mashiti ogonera osokedwa pamodzi, ndipo ankakokedwa ndi chingwe chimene chinkakana pena. Kutsogolo kunali mipando ya alendo a ku boma, Mayi Chisale ali pakati pawo atavala yunifolomu yoyera. Ndili kuseri ndinasuzumira pa kabowo ka katani. Gulu loyamba linali ndi ng'oma ndi nyimbo, ndipo ndinaona kadiresi kachikasu kakuvina pabenchi pafupi ndi khomo. Mtima wanga unakhala pansi. Ndinauza a Saidi kuti, “Mwaona, achimwene? Mwana uja ndi wa zisudzo.” Iwo anati, “Chambone, bwana, zili bwino. Koma tiyeni tione mukafa.”

Nthawi yathu itakwana ndinatulukira ndi mimba yanga ya pilo. Ndisanatsegule pakamwa, kamawu kanamveka kuchokera kumbuyo: “Ababa awo!” Holo yonse inaseka, ndipo ine ndinamva kukoma. Sewero linayenda kuposa masiku onse. Ndinakana chimbudzi, ndinatukwana kolorini, ndinamwa madzi a mumtsinje m'chikho n'kunyambita milomo. Kenako ndinadwala, ndinagwira pamimba, ndinaponya mwendo, ndipo poti panali pamatabwa, kugwa kwanga kunamveka ngati thumba la chimanga. Anandifunditsa chitenje kumutu. Amayi aja anayamba kulira. M'midzi kulira kwawo kunkamwazika ndi mphepo, koma mu holo ya malata kunamveka koopsa, mwakuti ngakhale ine wakufa tsitsi linandiimirira.

Zimene zinachitika kukhomo ndinamva pambuyo pake. Mayi anu ataona kamlomo kaja kayamba kunjenjemera, anaimirira kuti atuluke monga tinapanganira. Koma pakhomo panali patadzaza anthu ochedwa, othithikana mpaka panja. Pamene ankapempha njira, mwana anapulumuka m'manja n'kulowa m'miyendo ya anthu. Ine pansi pa chitenje sindinkaona kanthu. Ndinangomva kuseka kwa anthu kukuchepa, kulira kwa amayi kukuduka mmodzimmodzi, kenako tinsapato ta pulasitiki tikuyenda pamatabwa. Kadzanja kanandigwira chala cha kuphazi. Kenako chitenje chinavundukuka pang'ono kumaso, ndipo ndinamva mpweya wake pa tsaya langa.

“Ababa?”

Ana anga, mawu amenewo sanali a pamasanje. Anali aang'ono, onjenjemera, a munthu amene akufunsa zenizeni. Ndinadziwa kuti a Saidi atsala pang'ono kuyamba mawu awo omaliza, amene anali mutu wa sewero lonse, ndipo mawuwo amagwira mtima pokhapokha Bonongwe akhale chigonere. Ndinadziwanso kuti alendo a ku boma akuyang'ana, ndipo Mayi Chisale anali atawauza kuti gulu lathu ndi loyenera kulithandiza. Pa zaka zonse zimene ndinagwira ntchito, sindikumbukira nthawi ina imene ndinavutika kusankha ngati pamenepo, nditagona chagada ndi pilo pamimba. Ndinayesa njira yapakati. Ndinatsegula diso limodzi n'kunong'ona kuti, “Ndili moyo, mwanawe. Ndi zonama. Pita kwa amayi.” Anandiyang'anitsitsa. Anaika kachala pamphuno panga. Kenako anatembenukira amayi olira aja, n'kubwereranso kwa ine, misozi ili mbwembwembwe.

“Ndiye dzukani.”

Ndinadzuka. Ndinakhala tsonga pamphasa, chitenje chili paphewa, n'kumunyamula. Mayi wina mwa olira aja, amene anali atatseka maso chifukwa cha khama la kulira, atatsegula n'kuona maliro atakhala tsonga anakuwa zenizeni n'kudumpha pansanja mpaka pansi. Holo inaphulika. Anthu anaimirira pamabenchi, ena akugwirana mapewa, alendo a ku boma akupukuta misozi ndi mipango. Ine ndinati basi, sewero lathera pompa. Koma a Saidi anayenda mpaka kutsogolo kwa nsanja, nadikira phokoso lichepe, n'kuloza ine ndi mwana. “Mwaonatu anthuni? Bonongwe uyu ali ndi mwayi, lero mwana wake wamukaniza kufa. Koma izi zachitika chifukwa ndi sewero. Inu amene mulibe chimbudzi kwanu, mwana wanu akadzabwera kudzati dzukani, mudzadzuka?” Kuseka kunatheratu. Ndinaona bambo wina pabenchi lachitatu akukokera mwana wake pamiyendo.

Titatuluka panja Mayi Chisale anandipeza ndikumasula pilo. “A Makwinja,” anatero, “ine ndagwira ntchito ya unamwino zaka zambiri, koma sindinaonepo wodwala wochira msanga ngati inu.” Alendo aja anayamikira, ndipo mmodzi anafunsa kuti mwanayo tinamuphunzitsa masiku angati. A Fanuel anaima poteropo, manja kumbuyo. Ndinayembekezera kuti anena kuti anandichenjeza. Anangowerama n'kukonza kolala ya kadiresi kaja, nati, “Alamu, kudzuka kuja ndiye mwachita bwino.” Kwa munthu ngati iwo amenewo anali mawu ambiri.

Mpaka lero ine ndi mayi anu sitigwirizana ngati mwanayo anali atafika msinkhu. Ine ndimati anali atafika, chifukwa anakhala mu holo masana onse, anavina, anaseka poyenera kuseka, ndipo sanadzidzimuke kutulo ngakhale tsiku limodzi. Mayi anu amati msinkhu wolowa mu holo ndi wina, msinkhu woona bambo ako akuliridwa ndi winanso, ndipo wachiwiriwo munthu saufika ngakhale amere imvi. Inu amene muli ndi ana anu tsopano, mukamafuna kuwatengera koonera zisudzo kapena kanema, yambani mwafunsa kuti mukaonetsedwa chiyani, ndipo mukakhale pamene mungathe kutuluka, osati pamene mukungoganiza kuti mungathe.

Titatsika minibasi pa Songani, Takondwa anakana kuberekedwa ndi mayi ake. Anafuna paphewa panga. Tinayenda njira ya kumudzi iye atandigwira makutu onse awiri, ndipo a Saidi ankatiperekeza akukankha njinga imene ananyamulirapo mphasa. Ndinaganiza kuti mwanayo wagona. Tikuyandikira pamlatho anawerama mpaka kamwa yake inafika pakhutu langa, koma analankhula mokweza moti aliyense anamva.

“Ababa, mawa afe a Saidi.”

A Saidi anaimitsa njinga. “Ine? Ndakulakwira chiyani, mwana iwe?”

Tinaseka mpaka mayi anu anakhala pansi m'mbali mwa njira. Koma ine ndinamva timanja tija tikulimbitsa makutu anga, ndipo ndinadziwa kuti mwini wake sakuseka. Lolemba lotsatira ndinapereka pilo ndi chipewa kwa a Saidi. Anadandaula, ananena za kulaula, anati akafunse kaye kunyumba, koma mapeto ake anavomera, ndipo anafa mokhulupirika m'midzi yonse ya kwa Malemia mpaka pamene ndinasamutsidwa. Ine ndinatenga malo awo a mnansi wolangiza, woima chilili kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Takondwa anaonera masewero athu ambiri pambuyo pake, atakhala kutsogolo penipeni, ndipo a Saidi akamagwa ankaomba m'manja. Ine pamaso pake sindinafenso.